Chisanu Chimene Abambo Anasiya Kulankhula

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera kwathu ku Nachisaka, m'chisanu cha chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Ndinali kamtsikana ka sitandade 2. Mphepo yochokera kumapiri a Ntchisi inkang'amba milomo ndi zidendene. Pagolosale amuna ankakangana za zipani mpaka kusasa mawu, koma pakhomo pathu panali zii.

Abambo anabwera kuchokera kuchipatala ku Mtengowanthenga ndi mapilitsi a chifuwa, komanso mawu ena amene anauza amayi okha. Chifuwacho chinayamba kupola, koma iwo sanabwerere mwakale. Munthu amene ankaimba mluzu posoka fodya anasiya kutsegula wailesi, anasiya kumeta ndevu, ngakhale moni wathu sankayankha. Ankangokhala kuseri kwa chigafa atafunda chijasi, maso ali pansi. Phala limene ndinkawapititsira linkazizira mpaka nkhuku kulijompha. Anawonda moti lamba anamuboolanso, mkamwa munatuluka zilonda, ndipo kumjigo azimayi ankatsitsa mawu ndikafika. Liwu loti "kachilombo" ndinalimvera kumeneko.

Komabe chimene chinandiopsa kwambiri sichinali kuwondako. Tsiku lina ndinaona amayi akumasula zingwe zonse za mbuzi, natenganso botolo la mankhwala opopera fodya, n'kukazisiya kwa azakhali. Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndinkathamanga njira yonse kuti ndikaone ngati chijasi chija chidakali pamalo pake.

Masana ena ndinapeza mpando wawo uli wokha kuseri kwa chigafa. Amayi anali kuchigayo. Ndinatsatira mapazi a abambo m'fumbi, kudutsa m'mapesi, mpaka pathanthwe la kumtunda kwa dimba lathu, pamene panali phompho loti ngakhale abusa a mbuzi ankaliopa. Ndinawapeza ali chiimire m'mphepete penipeni. Ndinakwawa, n'kugwira mwendo wa buluku lawo ndi manja onse awiri.

"Bwerera kunyumba, Tereza," anatero osandiyang'ana.

"Sindipita ndekha, abambo."

Tinakhala choncho mpaka mithunzi inatalika. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza. Ndinali ndisanaonepo mwamuna akulira popanda maliro.

Amayi atamva zimenezi anasiya kubisa. Anaitana a Kamwendo, mnzawo wa abambo wa kutchalitchi. Bamboyo sankalalikira. Ankangobwera ndi bawo kukhwapa, n'kumadya nawo m'mbale imodzi, chinthu chimene ena ankachiopa. Masiku oyamba ankasewera okha mbali zonse ziwiri, kwinaku akudziseka. Pang'ono ndi pang'ono abambo anayamba kutola nkhomo, kenako kumaliza phala. Mvula yoyamba itagwa anagwiranso khasu, ngakhale ankapuma pamzere uliwonse. Anatisiya patapita zaka ziwiri, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kumidzi.

Nthawi imeneyo ine ndinkaganiza kuti abambo atikwiyira, ndipo ndinkayenda monyang'ama kuti ndisawonjezere mlandu. Lero ndikudziwa kuti ankadwala matenda awiri. Oyamba anali m'magazi, ndipo mudzi wonse unkawanong'ona. Enawo anali mumtima, analibe dzina pakati pathu, koma ndi amene anatsala pang'ono kuwatenga msanga.