Ndime Zimene Mwana wa Mng'ono Wanga Sanalembe

Anthu a kuno ku Nsungwi, akakhala pa maliro nkhani zitawathera, amakonda kunena kuti mwana wa mng'ono wanga analephera mayeso a Fomu 4 n'kukathera kumudzi chifukwa cha ine. Ena amati ndinamuletsa kupita kwa mphunzitsi wapadera chifukwa cha nsanje. Ena amati ndinamusokoneza mutu ndi Chingerezi cha nthawi ya atsamunda. Onsewa sanakhalepo pa tebulo langa, ndipo ambiri mwa iwo sanalembepo chimangirizo chibadwire. Ine ndinamaliza sekondale ya mishoni, ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'boma mpaka kupuma, ndipo pa nkhaniyi ndinalipo. Ndiifotokoza monga inachitikira.

Mng'ono wanga atamwalira ku Biwi, mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi anabwera kudzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanga. Mlamu wangayo anali atayamba kale kudwala matenda omwe anatenga mwamuna wake. Mtsikanayo anali atalembapo mayeso kamodzi. Masamu ndi maphunziro ena anakhoza, koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi. Amalume ake anabwera kuchokera ku Ntcheu nandiuza mosabisa:

"Abambo, mwanayu ndi wathu. Tikukusiyirani chaka chino chokha. Akalepheranso abwere kumudzi. Munda ulipo, ndipo munthu womufunsira waonekera kale."

Pa mwambo wa kwawo, mawu a malume ankalemera kuposa anga. Chimene ndikanatha kuchita chinali kumuphunzitsa.

Ndinayamba ndi chimangirizo cha mtsutso, chifukwa ndi pamene ankagwera. Ndinamupatsa mutu umene unali m'kamwa mwa aliyense masiku amenewo: kodi mavenda achotsedwe m'misewu? Anadzaza tsamba ndi theka popanda kudumpha mzere. Analemba kuti mavenda ndi anthu, kuti boma nalonso lili ndi zifukwa zake, kuti mzinda uyenera kukhala waukhondo, kuti umphawi ndi wowawa. Maganizo ake enieni ndinawapeza pa mzere womaliza, atatsogozedwa ndi mawu oti mwina.

"Iwe, yankho lako walibisiranji kuno kunsi?"

"Wochonga mayeso ndi munthu wamkulu, Abambo aakulu. Ndingangofikira kumuuza maganizo anga? Si mwano umenewo?"

Pamenepo ndinazindikira kuti vuto lake silinali umbuli. Mwanayo analeredwa bwino. Kwathu mwana akafuna kupempha kanthu kwa wamkulu amagwada, amalonjera, amazungulira, ndipo chimene wadzera amachitchula ali pafupi kudzuka. Iye ankagwadira pepala. Ndinamuuza kuti wochonga mayeso ali ndi mulu wa mapepala patsogolo pake, ndipo ulemu umene amafuna ndi wakuti usamutayitse nthawi.

Ndinamuphunzitsa monga ndinaphunzitsidwira ine. Ndime imodzi imanyamula mfundo imodzi. Chiganizo choyamba chimanena mfundoyo poyera. Chotsatira chimapereka chifukwa. Kenaka pamabwera chitsanzo, makamaka chimene wolemba anachiona ndi maso ake, ndipo chiganizo chomaliza chimabwerera ku funso. Mfundo ina ikabwera m'mutu, idikire ndime yake. Ndime imodzi isungidwe ya wotsutsana nawe: unene maganizo ake mwachilungamo, kenaka uwayankhe. Tinkayamba pakamwa, m'Chichewa, tisanakhudze cholembera.

"Mavenda asachotsedwe, chifukwa mumsika mulibe malo okwanira."

"Umboni?"

"Amayi a tomato aja amayala pansi kunja kwa mpanda, chifukwa mabenchi anatha."

"Ndiye?"

"Ndiye kuwathamangitsa mumsewu ndi kuwachotsa pa ntchito, osati kuwasamutsa."

"Imeneyo ndi ndime. Ilembe m'Chingerezi."

Ntchito inkayenda pang'onopang'ono. Nthawi zambiri ankasiya chiganizo pakati chifukwa mayi ake aitana kuseri, kufuna madzi kapena kutembenuzidwa. Masiku ena ankathera pa mzere wa kuchipatala. Pofika nyengo yozizira ankatha kumanga ndime ziwiri zolimba, zinazo zili zogwedera, ndipo zogwederazo ndinkamubwezera kuti alembenso. Sindiyamikira ntchito yosatha, ndipo sindinayambe kutero chifukwa cha chisoni.

Nthawi imeneyo anzake anamuuza za mnyamata wina amene ankaphunzitsa m'chipinda cha kuseri kwa golosale, pafupi ndi pokwerera minibasi. Iyeyo sankaphunzitsa kulemba. Ankagawa zimangirizo zolembalemba kale, za kutha kwa mitengo, za Edzi, za kuchuluka kwa anthu, kuti ana aziloweza pamtima. Amene anandipempha kuti mwanayo apite kumeneko anali mayi ake, ali gone pa mphasa.

"Alamu, njira yanu ndi yabwino, koma ndi yaitali. Ine ndilibe nthawi yaitali. Musiyeni ayese kumeneko."

Sindinamuletse, ndipo amene amanena kuti ndinamuletsa akunama. Ndinangopita kamodzi kukaonana ndi mphunzitsiyo. Ndinamupeza atakhala pa tebulo, ana atathithikana pa mabenchi.

"Madala, zanuzo n'zakale," anatero. "Ife timafufuza mapepala a m'mbuyomu, timadziwa zimene zikubwera."

"Nanga funso likabwera mwa mtundu wina?"

"Mitengo ndi mitengo, madala. Siisintha mtundu."

Ana anaseka. Ndinabwerera kunyumba ndipo ndinauza mtsikanayo chinthu chimodzi, kuti chimangirizo choloweza chimayankha funso la amene anachilemba, osati funso la pa mayeso. Anayankha kuti wamva. Kuyambira pamenepo pa tebulo langa sankabweranso. Ndinkamumva akulakatula posesa ndi pochapa nsalu za mayi ake, Chingerezi chosalala, chodzaza mawu akuluakulu amene sakanatha kundimasulira.

Mayeso a Chingerezi analembedwa kukutentha, mvula isanagwe. Masana ake ndinali pa khonde pamene anatulukira pa geti akuyenda mothamanga, nkhope ili yowala. Ndinali ndisanamuone chotero chimwalirireni bambo ake. Anayamba wapita kuseri kukauza mayi ake, kenaka anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga.

"Zabwera, Abambo aakulu. Za mitengo zija. Ndalemba zonse, sindinasiye ndi mzere umodzi womwe."

Ndinapempha pepala la mafunso. Analitulutsa m'thumba la yunifolomu litapindidwa. Funso limene anasankha linkati wolemba atsutse kapena avomereze kuti kugulitsa makala m'mizinda kuletsedwe.

"Unalemba zotani?"

Anayamba kulakatula: tanthauzo la kutha kwa nkhalango, zimene zimachititsa, kukokoloka kwa nthaka, kuuma kwa mitsinje. Ndinamulola afike kumapeto.

"Tsono makala aletsedwe kapena asaletsedwe?"

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pepala lija. Milomo yake inkayenda pamene ankawerenganso funsolo.

"Sindinanene."

"M'ndime ina iliyonse?"

"Ayi."

Mwana ameneyu ankakoleza mbaula tsiku lililonse. Ankadziwa kuti magetsi kuno amazima nthawi yophika, ndipo nyumba zambiri zilibe n'komwe. Ankawaona abambo a njinga akukankha matumba a makala pa chitunda, malaya atanyowa ndi thukuta. Umboni wa ndime zonse anali nawo pakhomo pomwepa, ndipo mu June akanatha kumanga ziwiri mwa izo ndi dzanja lake.

"Mwina ochonga achita chifundo akaona Chingerezicho," anatero motsitsa mawu.

Ndinamuuza kuti wochongayo ali ndi funso patsogolo pake, ndipo adzafunafuna yankho la funso limenelo. Mtsikanayo anasalaza pepala lija pa bondo.

"Amalume muwauza liti?"

"Zotsatira zikatuluka."

"Nanga amayi adzawasamala ndani?"

Kuseri kunamveka chifuwa, kenaka mawu a mlamu wanga, ofooka koma osangalala, akuitana mwana wake kuti adzamufotokozerenso bwinobwino mmene mayeso ayendera. Mtsikanayo anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa malaya, anasiya pepala pansi pa mpando wanga, nayankha kuti akubwera.