Denga la Kalavani ya Apongozi

Inu ana athu amene mwamanga mabanja kuno ku London, makamaka inu anyamata amene mumandipatsa moni ndi manja awiri tikatuluka m'tchalitchi n'kumanditchula kuti ankolo, tcherani khutu. Ndamva kuti ambiri mwa inu mukuitanitsa amayi anu ndi apongozi anu kuchokera kumudzi kuti adzakulerereni ana pamene inu muli ku mashifiti. Chimenecho si choipa. Koma ana amakula, ndipo mlezi amatsala pomwepo, wokalamba, wopanda womufunanso. Choncho musanagule tikiti ya ndege, imvani za denga lina limene ndidaliphwasula ndi manja angawa koma osaloledwa kulimaliza.

Ukalipentala ndidauphunzira ku mishoni, kwa mphunzitsi amene ankati thabwa lonyowa lili ngati mboni yonama: lero laongoka, mawa lapindika. Kuno ndidabwera nditakalamba kale, kutsatira mwana wanga wamkazi ku Thamesmead, ndipo popeza imvi n'zosowa pakati pathu, ndidasanduka nkhoswe ya maukwati ambiri. Umodzi mwa maukwatiwo udali wa mtsikana wina, namwino, amene amalume ake adali kutali, ndi mnyamata wa mu ofesi, wovala bwino, wodziwa kupemphera mokweza. Atabereka, adaitanitsa mayi ake a mtsikanayo, mayi wamasiye wa msinkhu wanga, kuti adzalere ana ku Romford. Mayiyo adalera. Ankagona m'chipinda cha adzukulu ake, kuwabereka kumbuyo, kuwaperekeza kusukulu m'chisanu atavala malaya a mwana wawo ofika m'maondo.

Anawo atakula n'kuyamba kukwera basi okha, mkamwini adagula kalavani yakalekale, kanyumba ka mateyala kamene azungu amakoka ndi galimoto popita kutchuthi. Adaiimika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi migolo ya zinyalala, ndipo adalengeza kuti chikumbumtima chakhala chikumuvutitsa. Kwathu, iye adati, mkamwini sagona pansi pa denga limodzi ndi apongozi ake aakazi, ndipo kukumana nawo pakhomo la bafa m'mawa uliwonse n'chipongwe. Apongozi ayenera kukhala ndi nyumba yawoyawo. Ena kutchalitchi adamuyamikira kuti mwana uyu sadataye mwambo.

Patapita chaka, masamba atayamba kuyoyoka, mvula ya kuno ija yosabwera ndi bingu itakhazikika, adandiimbira foni.

"Ankolo, kanyumba ka agogo kakudontha pang'ono. Mungabwere kudzakaona? Ndi kantchito kakang'ono."

Ndidakwera mabasi ndi sitima, kuoloka mtsinje, chikwama cha zipangizo chili pamiyendo. Nditalowa m'kalavanimo, fungo lidandiuza zonse ndisanayang'ane m'mwamba. Pakati pa denga padali kawindo kotulutsira mpweya, ndipo phula limene lidamata m'mbali mwake lidauma n'kung'aluka kalekale. Madzi adakhala akulowa pamenepo zaka zambiri, kuyenda mobisala pakati pa lata la pamwamba ndi pulayiwudi ya m'kati. Nditakankha siling'i ndi chala, chalacho chidalowa ngati m'papaya lakupsa. Ndidauza mkamwini kuti denga lonse liyenera kutsegulidwa, ndipo munthu sangagonemo kufikira litatsekedwanso. Adakwinya nkhope, koma adalola kuti mayiyo azigona pa sofa ya pabalaza.

Tsiku loyamba la ntchito, eni nyumba onse atachoka, mayiyo adandibweretsera tiyi kunja. Adayamba kugwada, maondo akulira, ndipo ndidawaletsa.

"Achemwali, dzukani. Pansi pano panyowa."

Sadadzuke. Adayang'ana makwerero, kenako adayang'ana ine.

"Achimwene, ntchito imeneyi itenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zidalira mitanda. Ikakhala kuti yaola yonse, itenga nthawi."

"Ioletu yonse," adatero chapansipansi. "Musafulumire, achimwene. Chisanu cha chaka chatha ndidachimva m'mafupa, ndipo china sindingachithe. M'nyumbamo muli kutentha. Ndimamvanso ana akuseka, ngakhale zimene amalankhula sindizimva."

Ndidawafunsa ngati adauzako mwana wawo. Adati mwana wawo amabwera kuchokera kuchipatala miyendo itatupa, n'kugona asanavule nsapato, ndiye munthu wotere ungamusenzetsenso mtolo wina? Nanga mkamwini? Apa adatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Ine kulankhula ndi akamwini anga maso ndi maso? Amayi anga angatembenuke m'manda."

Muone pamene padali msampha, ana anga. Mwambo umene mnyamatayo adauvala ngati jekete la Lamlungu, mayiyo adabadwa nawo. Akamva kiyi pachitseko ankathawira kukhitchini. Sankadya iye akuona. Sakadatha kudandaula, chifukwa mpongozi salankhula ndi mkamwini popanda munthu wapakati. Mnyamatayo ankadziwa bwino lomwe kuti watsekera kunja munthu amene sangagogode.

Kunama sikudafunike, chifukwa mitanda idaoladi. Ndidamasula kawindo kaja, kuchotsa timizere ta m'mphepete ndi masikuluwu ake adzimbiri, n'kutukula lata pang'onopang'ono kuti lisapindike. Pansi pake thonje lotsekereza kuzizira lidali lolemera ndi madzi ngati bulangete lochapidwa. Mitanda ina idafumbutuka m'manja mwanga. Ina idali yamoyo koma yakuda ndi chinyezi, ndipo imeneyo sumaiphimba isanaume. Ndidadula yoola, kusema yatsopano, kukuta pamwamba ndi lona, n'kusiya mawindo otsegula kuti mpweya udutse. Ku London, m'miyezi imeneyo, thabwa siliuma msanga. Nthawi zonse ndikabwera ndinkaboola pang'ono ndi nsonga ya tchizulo, n'kupeza m'kati mukadali monyowa, ndipo kunena zoona mtima wanga unkakondwera. Mayiyo nkhope idayamba kusalala. Tsiku lina ndidawamva akuimba nyimbo ya Chigwirizano akutsuka mbale.

Ndidaona kuti nthawi yolankhula monga nkhoswe yakwana. Loweruka lina ndidaitanira mnyamatayo ndi mkazi wake pansi pa lona uja.

"Mwana wanga," ndidatero, "mwambo umene ukunenawo ndimaudziwa, ndidakulira m'menemo. Koma wautenga theka. Kwathu mkamwini ndiye mlendo pamudzi. Akakumana ndi apongozi, wopatukira kutchire ndi iye. Amawalimira munda. Dzinja likayandikira, wokwera padenga la apongozi ndi udzu ndi iye, asanafolere lake. Sindidamvepo mwambo woti nkhalamba igone m'chitini pamene iwe uli m'nyumba yofunda. Aleke amayi akhale m'nyumba mpaka chisanu chithe."

Mnyamatayo adaseka, kuseka kwaulemu kuja kumene kumapweteka kuposa mwano.

"Ankolo, kumudziko mkamwini amakhala pamalo a eni. Pano dzina lili pa nyumbayi ndi la ndani? Ine ndidakuitanirani denga. Za m'nyumba mwanga zisiyeni."

Ndidatembenukira kwa mkazi wake. Adali atavala kale yunifomu, akuyang'ana nsapato zake.

"Mwana wanga, awa ndi amayi ako. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Ankolo, chonde musandipasulire banja," adatero. "Tiwagulira hita ina yotenthetsera m'kalavanimo."

Nditabweranso sabata yotsatira, ndidapeza lona atapindidwa bwinobwino pageti, zipangizo zanga zili pamwamba pake. Denga lidali lotseka. Mnyamatayo adabwezeramo thonje lonyowa lija, kukhomera pulayiwudi yatsopano pa mitanda yosauma, kugwetsa lata pamwamba, n'kupaka phula lakuda ponseponse ngati wozira nyumba. M'mphepete adamata tepi yonyezimira. Adatuluka atanyamula kapu ya khofi.

"Madala, mwaona? Ntchito ya masana amodzi. Inu mumafuna tidikire Isitala?"

"Watsekera madzi m'kati," ndidamuuza. "Akunja sadzalowa, koma am'katiwo sadzatulukanso. Ukayatsa hita, adzatsikira pa munthu."

"Kodi kumudzi ankagona ku hotela? Nyumba yaudzu sidontha?"

Pawindo la kalavani katani idagwedezeka. Mayiyo adali kale m'katimo, ndipo adamva zonse.

Ndidapita kwa akulu ampingo. Adandiyankha kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo adalonjeza kupempherera banjalo. Mwana wanga wamkazi uja adavomera kuti mayiyo abwere kwathu ku Thamesmead, azigona m'chipinda changa ine ndigone pabalaza. Nditawauza, adakana.

"Anthu adzati mwana wanga wandithamangitsa. Ndimuchititse manyazi mwana wanga pakati pa anthu? Iyayi, achimwene."

Ndinkawayendera Lamlungu tikaweruka. Hita inkayaka, mawindo ali thukuta lokhalokha, ndipo pa siling'i yatsopano ija padamera chuku, choyamba timadontho, kenako mawanga akuda aakulu ngati zikhatho. Madzi ankasonkhana pa msoko umodzi n'kumagwera pabedi. Mayiyo adaika beseni pa bulangete, ndipo ankagona chopindika kulizungulira. Zovala zawo, Baibulo lawo, ngakhale mpango wa kumutu, zonse zinkanunkha chinyontho. Chifuwa chidayamba Khirisimasi isanafike. Mwana wawo akasuzumira pakhomo popita kuntchito n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji amayi, mayiyo ankameza chifuwacho n'kuyankha kuti ndadzuka bwino, thamanga ungachedwe.

Adawatengera kuchipatala chomwe mwana wawo ankagwirako ntchito, koma mapapo adali atatha kale. Adamwalira mitengo isanaphukire.

Pa mwambo wotsanzikana, thupi lisanakwere ndege, mkamwini adakhala kutali ndi bokosi, mutu uli pansi, monga mwa ulemu wa kwathu. Atapatsidwa mpata, adalankhula misozi ikutsika. Adati apongozi ake adawalemekeza mpaka kuwapatsa nyumba yawoyawo, chinthu chimene ana ambiri a masiku ano sachita. Amayi ena adayankha kuti ameni. Mkazi wake maso adali ouma, manja atafumbata mpango wa amayi ake uja.

Dzuwa litabwerera, masiku atatalika, foni yanga idalira. Adali mkamwini uja.

"Ankolo, muli bwanji? Paja mudanena zoona, denga lija silidakhale bwino. Tikufuna kupita ndi ana kunyanja tchuthi chikubwerachi, ndiye fungo lija ana sangalipirire, wamng'onoyu chifuwa sichichedwa kumugwira. Mubwere mudzalikonze bwinobwino. Ulendo uno musafulumire. Mulisiye liume."

Kenako adafunsa ngati ndikumumva. Ndidamuuza kuti ndikumumva, kuti manja anga sadzakhudzanso denga limenelo, ndiponso kuti afune nkhoswe ina. Adati pepani ngati ndakulakwirani, n'kudula.

Adapeza mmisiri wina, mzungu wa komweko, amene adatsegula denga, kutaya zonse zonyowa, n'kuliumitsa milungu yambiri popanda womufulumizitsa. Ndidaona zithunzi zimene adatumiza ku gulu la mpingo pa foni: kalavani yoyera ili m'mphepete mwa nyanja, ana akudya ayisikilimu pakhomo pake. Pa chithunzi china, pansi pa sitepe, padali beseni lija. Ankatsukiramo mchenga wa kumapazi.

Tsono inu anyamata, ndi inu atsikana amene mumayang'ana nsapato zanu pamene amuna anu akulankhula, imvani. Mukaitana kholo kuti lidzakulerereni ana, ligone pansi pa denga limene inu mukugona, kufikira tsiku limene lidzafune lokha kubwerera. Nkhalamba ikakuyankhani kuti ndadzuka bwino, musakhutire muli pakhomo. Lowani, mukhale pabedi pake, mugwire bulangete ndi dzanja lanu, muone ngati ndi louma.