Makope Asanu a Apongozi Anga

Pa katawuni kathu, m'mbali mwa msewu wopita ku Nsanje, pali kanyumba kamene amakatcha laibulale. Pakhomo anakhomapo chikwangwani chakuti, "Mabuku a anthu onse, makamaka oiwalika." Ndikamadutsapo panjinga ndimalavula. Mkazi wanga amati ndisiye, anthu aziti ndapenga. Azinena.

Apongozi anga aamuna anali Msena wa ku Mozambiki. Anawoloka malire nthawi ya nkhondo ndi mkazi, ana awiri ndi ukonde umodzi, nakhazikika kufupi ndi dambo la Elephant Marsh. Anasodza mpaka mawondo anakana. Sukulu sanaipondeko. Chimene chinkawawawa atakalamba sanali mawondo ayi, koma ana anga. Akawalankhula m'Chisena, tiana timeneti tinkayankha m'Chichewa, nthawi zina n'kumatsinana, kuseka.

Tsiku lina anandiitana.

"Mkamwini, inu munafika Folomu 4. Cholembera chanucho ntchito yake n'kulemba mayina a odula nzimbe ku esiteti basi? Lembaninso zanga."

Tinayamba. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkakhala pansi pa mtengo wa nimu, iwo kunena, ine kulemba. Chisena changa n'chophunzirira kuukulu, ndiye ndikawawerengera ankandidula: "Nkhabe! Mwalemba ngati munthu wa ku Lilongwe. Fufutani." Ine ndine wamtima wapachala, ku esiteti aliyense akudziwa, koma kwa apongozi umameza malovu. Ndinkafufuta.

Chaka chitatha tinali ndi makope asanu. Munali nsomba ndi mayina ake, kaikidwe ka miono, njira za mvuu, kudziwa kuti Shire akubwera ngakhale kuno kulibe mtambo, kakumbidwe ka nyika, mizu ya m'dambo yodya chaka cha njala. Nyimbo zinadzaza kope lonse. Koma kope lachisanu ndi limene linawaliza. Munali ulendo wawo wothawa nkhondo: midzi imene anadutsa, abale amene anafera panjira, ndi mitengo imene anawaika pansi pake. Anati tsiku lina mdzukulu adzapita kukawapeza.

Ine ndinkafuna makopewo akhale m'nyumba mwanga. Anakana. "Buku likhale kumene kumakhala mabuku. Mwana wa Msena akalowamo apeze mawu akwawo." Ndinawamvera. Kupusa kwanga kunayambira pamenepo.

Woyang'anira laibulaleyo anali bambo wina wa kumtunda, wovala tayi mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno likuthawitsa ndi abuluzi omwe. M'mashelefu munadzaza zinyalala zimene azungu anatopa nazo kwawo. Mbiri ya mafumu a ku Mangalande, mabuku onenepa ngati njerwa. Buku la kachotsedwe ka chipale chofewa pamsewu, kuno ku Chigwa! La Chisena panalibe ngakhale limodzi, pamene theka la ana olowamo amalota m'Chisena.

Anagwira makope athu ndi nsonga za zala ngati nsomba yoola.

"Awa ndi makope a sukulu, bambo."

"Tsegulani muone."

Anatsegula, n'kukwinya nkhope. "Sindikumva chilichonse. Komanso alibe nambala. Pashelefu pamakhala buku la nambala ndi chidindo. Ndiyenera kufunsa kaye kwa akuluakulu."

"Akuluakulu anuwo ayankha liti?"

"Tidzakudziwitsani."

Anawaika m'katoni pansi pa tebulo lake, pamodzi ndi tsache ndi nsapato zake zamvula. Apongozi, amene ndinapita nawo, osamva bwino zimene zinkachitika, anavula chipewa n'kunena kuti, "Takhuta, takhuta." Kuthokoza munthu ameneyo!

Miyezi inapita. Ndikafunsa, yankho linali lomwelo.

Kenako kunabwera alendo a mumzinda, amene amathandiza laibulaleyo, pa galimoto yoyera ya magalasi otseka. Mwadzidzidzi makope athu anakhala amtengo wapatali. Bambo wa tayi anawapukuta, n'kuwayala patebulo la nsalu. Anatumiza kabaza kukatenga apongozi, n'kuwakhazika kutsogolo atagwira kope limodzi, mozondoka, bamboyo osaona n'komwe. Anauza alendowo m'Chingerezi kuti iyi ndi ntchito imene laibulale ikuchita pakati pa anthu a zilankhulo zazing'ono. Laibulale! Ine amene zala zinatupa ndinaima kumbuyo ngati mlonda. Anajambula zithunzi, anawomba m'manja, mayi wina anapukuta msozi. Palibe anapempha kuti timuwerengere mzere umodzi. Fumbi la galimoto lisanathe, makope anali atabwerera pansi pa tebulo.

Tsiku limenelo ndikanawatenga. Koma nkhalamba inali yosangalala, ikuuza aliyense kuti mawu ake afika kwa akuluakulu. Ndinaopa kuiswa mtima.

Dzinja lotsatira madzi anabwera. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mtsinje ukayamba kununkha matope, chilichonse chofunika chimakwera pansanja. Madzi atatsika ndinathamangira kulaibulale, matope m'mawondo. Ndinapeza bambo uja ali wonyada kwabasi. Anali atakweza mabuku onse m'mashelefu apamwamba. Mafumu a ku Mangalande anali ouma bwinobwino. Chipale chinali chouma.

"Katoni ija ili kuti?"

Analoza ndi mlomo. Inali pomwe paja. Nsapato zamvula zokha ndi zimene anachotsamo, anali atazivala.

Ndinagwada. Makope atatu apansi anali phala, inki itasungunuka, masamba akusenda m'manja. Awiri apamwamba, la nsomba ndi la nyimbo, ananyowa m'mphepete mokha. Lachisanu lija linali pansi penipeni.

"Ndinayamba ndi za chidindo," iye anatero. "Zikaonongeka zimenezo amandifunsa ine."

Zimene ndinamuuza sindingazilembe pano, ndine mkulu wa mpingo. Anthu anasonkhana pawindo. Nditanyamula makope awiriwo n'kulunjika pakhomo, iye n'kuti, "Bambo, katundu wa laibulale satuluka popanda kusayina."

Ndinabwerera, n'kumuika kope pamphuno. "Chidindo chanu chili pati? Ndionetseni." Anayang'ana kumbali. Ndinatuluka.

Kunyumba mkazi wanga anandichonderera kuti ndisawauze bambo ake. Ine kunama sindikutha. Ndinawauza madzulo omwewo. Anayang'ana mapazi awo. Kenako anati, "Mkamwini, gulani kope lina."

Ndinagula. Tinabwerera pansi pa nimu. Za madzi ndi za nyika zinabwerako, pang'onopang'ono. Koma ulendo uja unakana. Ankatchula mudzi, n'kuima, n'kufunsa ngati mlongo wawo anamuika pa mlambe kapena pa mtondo, asanawoloke kamtsinje kapena atawoloka. Ankafunsa ine. Ine amene ndinalemba ndi dzanja langali, ndinali nditaiwala, poti ndinkati zili m'buku. Tinalemba masamba asanu ndi limodzi okha. Chaka chisanathe tinawaika m'manda.

Makope otsalawo ali m'pulasitiki, m'ndowa yotseka, yopachika kudenga la chipinda changa. Mwana wanga wamkazi wamkulu, yemwe uja ankaseka agogo ake, ndi amene amawatsitsa kawirikawiri. Anzake a Chisena amabwera kudzawerenga pakhonde, ndipo sindifunsa munthu nambala. Mwezi wathawu anandifunsa kuti azakhali a amayi ake anaikidwa pati, akufuna adzapiteko akadzayamba ntchito. Ndinamuonetsa tsamba lachisanu ndi chimodzi pamene mawu anathera.

Kulaibulale kuja anapentanso chikwangwani. Mkati, pakhoma, anapachika chithunzi cha apongozi anga atagwira kope mozondoka. Ndinapita kukachiyang'anitsitsa kamodzi. Kope ali nalo m'manjalo ndi lachisanu.