Nyumba Imene Amati Munalibe Anthu

Makalata a malemu mkazi wanga ndimawasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu, m'fulati yanga ku Edmonton. Onse anawalemba ali mumzinda wina wa m'chipululu ku Arabia, kumene anagwira ntchito ya unamwino zaka zitatu tisanabwere kuno ku London. Nthawi imeneyo ine ndinkaphunzitsa ku Zomba, ndipo ndinatsala ndi mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zisanu.

Mwanayo tsopano ndi namwino ku Romford, ndipo zaka zitatu zimenezo sanazikhululuke. Amayi ake akayamba kukamba za ku chipululu, iye ankadzuka n'kupita kukatsuka mbale zotsuka kale. Maliro atapita anandiuza m'Chingerezi kuti iye ankalira ku Zomba pamene amayi ake ankayendayenda m'mashopu akuluakulu. Ndinamupatsa chitini chija kuti awerenge yekha. Anachibweza osatsegula. Chichewa amamva bwino, koma anati kuwerenga kumamutopetsa.

Chaka chatha tinkapita kumudzi kukavundukula chiliza cha amayi akewo. Ndinamupempha kuti matikiti agule odzera mumzinda uja, tikagone masiku awiri, ndikaone nyumba imene mkazi wanga ankakhala. Anavomera chifukwa cha ine basi.

Mzindawo ndi wa magalasi okhaokha, ataliatali, ndipo ukatuluka m'takisi kutentha kumakugwira pakhosi. Koma kuseri kwa zonsezo asiya kadera kakale, ka tinjira topapatiza ndi makoma a mtundu wa mchenga, kuti alendo azikaona mmene makolo a eni mzindawo ankakhalira. M'makalata kaderako kanali kogumukagumuka, ka makoswe, komwe eni ake anathawako n'kusiyira antchito ochokera kunja. Ife tinapeza kopakidwa bwino, konunkhira lubani. Nyumbayo ndinaizindikira ndi mtengo wa nimu pakati pa bwalo, ndi chitsime chovindikira pambali pake. Mkazi wanga ankayanika yunifolomu yake pa mtengo umenewo. Tsopano pakhomo panali chikwangwani, ndipo tinalowa pamodzi ndi gulu la alendo ena.

Wotiyendetsa anali bambo wa msinkhu wapakati, wovala mkanjo woyera, waulemu ndithu. Anatikhazika pa mapilo n'kutithirira khofi m'tikapu tating'ono. Ine ndinamwa n'kubweza kapu ndi manja awiri. Anathiranso. Kwathu cholandira kwa mwininyumba sukana, ndiye ndinamwanso. Pofika kapu yachisanu mtima unali ukuthamanga, mwana wanga n'kundigunda ndi chigongono.

"Adadi, gwedezani kapu! Mukapanda kugwedeza azingothira mpaka mawa."

Ndinagwedeza, anthu onse n'kuseka, inenso ndinaseka. Mpaka pamenepo ndinalibe mangawa ndi munthu.

Kenako bamboyo anayamba mbiri ya nyumba. Inamangidwa ndi wamalonda a ngale. Ana ake atalemera anasamukira kumbali yatsopano ya mzinda. Kuyambira pamenepo, anatero, nyumbayi inakhala yopanda anthu zaka zambiri, munali nkhunda zokha, mpaka pamene anaikonza.

Ine si munthu wodula anthu mawu. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito amandinyoza kawirikawiri agogo amene nzeru zinawasokonekera, ndipo ndimangowapukuta pakamwa n'kupitiriza. Koma tsiku limenelo ndinapezeka nditakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Pepani bambo, munali anthu muno. Mkazi wanga anakhala muno zaka zitatu."

Anamwetulira. Anati mabuku awo amanena kuti munalibe anthu. Ndinati munali azimayi khumi ndi mmodzi, anamwino ndi osesa m'zipatala, ochokera ku India, ku Philippines, ku Kenya, ndi wina wa ku Zimbabwe amene bambo ake anali a ku Dedza. Anapendeketsa mutu n'kuyankha mofatsa kuti n'kutheka antchito ena ankagonamo, koma imeneyo si mbiri ya nyumbayi.

Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Ndinayang'ana ponseponse. Chishalo cha ngamila chinali m'galasi, chili ndi chikwangwani chake. Mtondo wosinjira khofi unali ndi chikwangwani. Ngakhale nkhunda zinatchulidwa. Koma azimayi amene ankadzuka m'bandakucha kukasambitsa odwala a mumzindawo, kuwatembenuza, kuwatsekera maso akamwalira, amenewo sanakwanire ngakhale mzere umodzi. Mwina amayi ake a bambo yemweyo anagwiridwapo dzanja ndi mkazi wanga. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyumba yogonamo anthu khumi ndi mmodzi siingatchedwe yopanda anthu, pokhapokha ngati wowerengayo sawayesa anthu.

"Dad, please," mwana wanga ananong'oneza, nkhope ili pansi ndi manyazi. "Mwina ndi nyumba ina. Zonsezi zikufanana. Mwinanso amama ankangowonjezera."

Zimenezo zinandipweteka kuposa za bambo uja. Iye anali mlendo kwa ife, ankanena zimene anamuphunzitsa. Koma uyu anali mwana wa mayiyo.

Gulu litapita kukaona chipinda cha mkwati, ine ndinalowera kumapeto kwa bwalo, kuseri kwa chitsime. Kunali kakhomo kafupi, ndipo chikwangwani chake chinati munkasungidwa zipatso za kanjedza. Ndinawerama n'kulowa. Mwana wanga anandithamangira kuti andibweze ndisachititse manyazi ena. Ndi wamtali ngati amayi ake, ndipo sanawerame. Ndinangomva kuti gu! Anakhala pansi atagwira pamphumi, magazi pang'ono akutuluka pakati pa zala.

Ndinamupatsa mpango. Kenako ndinatulutsa m'thumba la jekete kalata yoyamba ya amayi ake, imene ndinaitenga kuti ndikawerenge ndekha m'chipindamo. Ndinawerenga mokweza, pang'onopang'ono kuti amve.

"Ndafika bwino. Tsiku loyamba lomwe ndagunda mutu pa thabwa la pamwamba pa khomo, moti anzanga andisoka. Mwana musamuuze, angalire. Chipinda chathu chilibe zenera ndipo tikugonamo anayi. Chithunzi chake ndachipachika pa msomali pamwamba pa mutu wanga. Ndikamapemphera ndimayamba ndi iye, chifukwa ndikamusiya kumapeto sindimaliza."

 Chipsera cha amayi ake cha bala limenelo mwana wanga ankachidziwa bwino, pamwamba pa nsidze ya kumanzere. Ali wamng'ono ankachikanda ndi chala akafungatiridwa. Masiku otsiriza kuchipatala ndi iye amene ankachipukuta thukuta. Akafunsa, amayi ake ankangoti n'cha kuntchito.

Anachotsa mpango pamphumi n'kuyang'ana chipindacho, khoma ili ndi khoma ilo. Munthu atatambasula manja akanatsala pang'ono kukhudza onse awiri.

"Anthu anayi? Muno?"

"Anayi."

"Nanga mashopu aja?"

"Ankapitako tsiku lopuma, chifukwa munali mozizira. Sankagula kanthu."

Anaimirira n'kuyamba kusisita khoma kufuna msomali uja. Sanaupeze. Makoma anawamatanso bwinobwino, opanda ngakhale kabowo. Ndinkafuna kuimba ndime imodzi ya nyimbo imene mkazi wanga ankaikonda ku Mvano, koma mawu anakana. Tinangogwada pansi pamenepo n'kupemphera mwachidule.

Bambo wa mkanjo uja anabwera ndi madzi oundana atakulunga m'kansalu, akupepesa kwambiri, ndipo kupepesa kwake kunali koona. Sindimuda. Anati alendo ambiri amagunda pamenepo. Mwana wanga anamuyang'ana n'kunena kuti, "Amayi anganso anagunda pomwepa, nthawi imene inu mukuti munali nkhunda." Bamboyo anangomupatsa kansalu ka madzi oundana kaja.

Potuluka panali buku la alendo. Ndinalemba m'Chichewa kuti nyumba iyi sinali yopanda anthu, mkazi wanga anagona muno zaka zitatu. Ndinkadziwa kuti palibe adzawerenge. Mwana wanga anandilanda cholembera n'kulemba pansi pake m'Chingerezi, mpaka anadzaza tsamba, anthu akudikira kumbuyo kwathu.

Titabwerera ku London mwana wanga anawalemberanso imelo oyang'anira nyumbayo, kupempha kuti aike kachikwangwani kamodzi pakhomo paja konena za azimayiwo. Sanayankhe. Ndimapempha Mulungu kuti andichotsere mkwiyo, koma ndikakumbukira chishalo cha ngamila m'galasi muja umabweranso.

Masiku ano mwana wanga akakhala pa ofu amakwera sitima ndi basi kuchokera ku Romford, n'kutsitsa yekha chitini pa wadiropu. Ine ndimawerenga kalata imodzi, iye amatsatira ndi chala, n'kumandiimitsa pa mawu amene sakuwadziwa. Sikuti zonse zatha. Sabata yatha anandifunsa mokwiya chifukwa chake ndinawalola amayi ake kupita. Koma sanadzuke kukatsuka mbale. Anati, "Pitirizani, adadi." Tafika pa makalata a chaka chachiwiri.