Odana ndi Utsi, Aliyense ndi Mbaula Yake

Loweruka lapitali ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo inu a m'komboni ya pa Boma la Petauke mukudziwa chifukwa chake.

Amai Tembo, mkazi wa mesenjala, ndiwo anaitanitsa msonkhano. Mwana wawo Tisa wakhala akutsokomola chiyambire chisanu, ndipo mlandu ndi wa mbaula zathu. Dzuwa likapendeka aliyense amayatsa yake, makala osapsa bwino, pamwamba makoko a nsawa, n'kuiika panja kuti utsi uyambe watha. Panja pake pati? Pakhomo pa mnzake! Nyumba zathu n'zothithikana, ndiye utsi wa a Phiri umakagona kwa a Tembo, wa a Tembo kwa ine.

Tinakumana m'mawa pansi pa mkuyu, kukuzizira koopsa. Ndinangoona a Phiri akubwera, mbaula m'manja. Pambuyo pawo a Lungu, mbaula. Ngakhale a Daka, amene analonjeza kuti adzaudzudzula utsiwo mwamphamvu, anaikhazika yawo pakati pa miyendo. Pamsonkhano ponse utsi unangoti tolotolo!

A Daka anaimirira. "Abale, lelo tifuna..." Chifuwa chinawagwira, misozi mbwee, n'kukhala pansi. Ife kugwa nacho chiseko.

Amai Tembo sanaseke. Anamasula Tisa kumsana, ndipo tonse tinamva mmene ankapumira, movutikira.

"Sekani, azibambo," anatero. "Uyu mailo usiku sanagone. Nimupeleke kwa ambuye ake ku Luembe, kapena muzimitsa mbaulazi?"

A Phiri ndiwo anayamba kuthira dothi pa mbaula yawo. Tinapangana mano akugundana: mbaula ziziyatsidwira kuseri kwa chulu, kumene mphepo imathawira kutchire, ndipo makoko ayi.

Anthufe n'ngodabwitsa. Za ndale za Chitaganya timakangana mpaka kusasa mawu, koma chimene chikutsamwitsa mwana wa mnzathu timachinyamula tokha ndi manja awiri. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano madzulo muzibwera mudzaone azibambo aulemu wawo, ena ali ndi tayi, akundondozana kupita kuchulu, mbaula zikulendewera.

Tisa sanapite ku Luembe. Dzulo ndinamumva akulirira mbatata, kulira kogonthetsa m'kutu, ndipo phokoso la mwana silinandikondweretsepo chonchi.

Nanga inu a ku Nyimba amene mukutiseka, mukudikira kuti abanike mwana wa yani?