Kalata ya kukhoti yandipeza, Azakhali

Azakhali, lero ndalandira kalata yondiitana kukakhala pa jury, gulu lija la anthu wamba khumi ndi awiri ogamula mlandu kukhoti. Ndisanamalize n'kuwerenga komwe, ndinali nditayamba kale kufunafuna chokanira. Kenako ndakumbukira inu. Kalata yanu yonga yomweyi itafika kunyumba kwanu ku Evington kuja, kunja kuno, shuga anali atakulandani kale maso. Nditakuwerengerani, ndinayamba kulemba kuti akuchotseni pamndandanda, osakufunsani, ndikumati ndikukupatsani ulemu. Inu munamva cholembera chikukanda pepala, n'kundigwira dzanja. "Iwe Chisomo, ukulemba chiyani m'dzina langa?" Ndinati simungathe, poti nkhope ya woimbidwa mlandu simukaiona. Munati, "Zaka zonse ndili nesi, wodwala akamanama kuti ali bwino ndinkamugwira ndi kapumidwe kake, osati nkhope. Fufuta." Ndinafufuta.

Masabata awiri munkakwera basi ndi ndodo yanu yoyera, zithunzi za umboni akuchita kukufotokozerani pakamwa. Mlandu utatha ndinakufunsani ngati munthuyo anali mzungu kapena wakuda. Munati simunafunse aliyense. Zimene munakambirana ndi anzanu a pa jury aja munapita nazo kumanda, inu amene nkhani za kutchalitchi sizinkagona m'kamwa mwanu. Mpaka pano ndimazizwa nanu. Ine maso onse awiri ndili nawo, koma ndimafuna kubisala kuseri kwa mashifti a kuntchito. Fomu ndalemba, ndavomera. Gonani mumtendere, Azakhali. Basi yanu ija ndikwera ine.