Anayimba Ndani pa Mtondo

Sanaodire. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala, ine ndikusoka ukonde pakhonde kwathu kwa Tengani. Anabwera apolisi awiri, galimoto ataisiya kumsewu. Wamtaliyo anati, "Valani malaya, achimwene, mukangoyankha mafunso awiri basi." Mwana wanga wamkazi wa zaka ziwiri anali kumsana kwa mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, amene ankamulera chimwalirire mayi ake ndi kolera. Sindinatsanzike. Ndinkayesa ndibwerako dzuwa lisanapendeke.

Mlandu wake unali kanema. Chaka cham'mbuyo kunabwera munthu wina wophunzira kunja, atanyamula makina ojambulira. Lero ndi wotchuka, dzina lake limamveka pawailesi, koma nthawi imeneyo anali wowonda, nsapato zong'ambika. Anakhala nafe milungu itatu, kudya nyika, mizu ya maluwa a m'madzi ya kudambo, kukwera bwato, kulumidwa ndi udzudzu mofanana nafe. Sankatiuza chochita. Ankangoima poteropo mpaka timuiwale. Ophunzira masiku ano amati kukoma kwa makanema ake oyambirira n'komweko, kuti anthu ake amachita ngati palibe akuwaona. Sakunama ayi. Tinamuiwaladi.

Ananditengera kutauni, kuseri kwa mapiri. Lachinayi anandilowetsa m'chipinda chokhala ndi tebulo, mipando iwiri ndi wailesi yakanema. Ndinali ndisanaonepo chinthu chotero. Atayatsa ndinaona mudzi wathu, ndinadziona ndekha ndikupalasa bwato, nthiti zili pamtunda. Kenako akazi atatu akusinja mapira. Wapakatiyo anacheuka, naseka, napukuta thukuta ndi mkono. Anali mkazi wanga, amene ndinamuika m'manda miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Chithunzi chake ndinalibe ngakhale chimodzi. Anatembenukanso, onse atatu atafulatira, ndipo mmodzi anayamba kuyimba kuti mwana akadali m'mimba koma khadi la chipani amugulira kale.

Wofunsayo anali wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anaimitsa tepi.

"Anayimba ndani?"

Mawuwo ndinawazindikira mzere woyamba usanathe. Anali a mlamu wanga.

"Nkhabe dziwa," lilime linathawira ku Chisena.

"Chisena chakocho ukalankhule ndi ng'ona. Muno Chichewa."

"Sindikudziwa, bwana."

"Chabwino. Tionenso."

Anabweza tepi. Mkazi wanga anacheukanso, nasekanso. Tsiku limenelo anabweza kasanu ndi kamodzi. Pakati pa kubwezako pankachitika zina. Khutu langa lamanzere silimva mpaka lero, ndipo zala ziwiri sizipinda, n'chifukwa chake ukonde ndinasiya kusoka.

Anthu akamva nkhaniyi amati ndinali wolimba mtima. Kulimba mtima kwa chiyani? Zoona n'zakuti ndinkaopa kuti akatenga mlamu wanga, mwana atsala ndi yani. Koma panalinso china chimene sindinauzepo munthu. Ndikati sindikudziwa, ankabweza tepi, ine n'kumuonanso mkazi wanga. M'mawa akamatsegula chitseko kudzanditenga, mtima unkakhala ngati wa munthu wopita kukacheza kuchibwenzi. Zondichitikira pathupi ndinkazimva ngati zikuchitikira wina wa chipinda choyandikana.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi wa magalasi uja sanayatse msanga. Anati, "Tatopa nawe. Mawa tikatenga akazi onse atatuwo, adzatiyimbira mmodzimmodzi muno."

Ndinapempha kuti ayatse kamodzi. Anayatsa. Ndinadikira acheuke, aseke, afulatire.

"Ndi wapakatiyo," ndinatero. "Mkazi wanga."

"Ali kuti?"

"Kumanda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba dzina lake m'failo, pansi pake n'kulembapo kuti woukira boma. "Wathawa bwino ameneyu," anatero, nazimitsa. Mkazi amene uja sankayimba ngakhale kutchalitchi, ankati mawu ake ndi a chule. Ndinamusenzetsa mlandu ali m'dothi, osatha kudziyankhira. Kanemayo sanandionetsenso.

Anandisunga miyezi ina khumi ndi inayi, osaonekera kubwalo la milandu. Za miyeziyo ndilibe zambiri: ndowa pakona, nsabwe, nyemba zofumbwa, anthu makumi atatu kutembenuka nthawi imodzi pogona. Lachisanu lina, mvula ikugwa, msilikali anaitana nambala yanga. Pageti anati, "Pita. Kuno sunabwereko, wamva?"

Ndinapeza mlamu wanga akupalira, mwana akusewera m'mizere. Mwanayo atandiona anathawira kuseri kwa chitenje chake. Ndinamuuza mlamu zimene ndinanena. Anatsamira khasu, nathokoza m'Chisena, "Takhuta, mulamu," n'kupitiriza kupalira. Chiyambire tsiku limenelo pamtondo sanayimbenso.

Zinthu zitasintha, wojambula uja anabwera kudzapepesa, misozi ili mbwembwembwe. Anali atawerenga failo ija. Kumapeto kwa kanemayo anaonjezerapo dzina la mkazi wanga, kuti ndiye mwini nyimbo. Akuti kunja anthu amaimirira n'kuwomba m'manja akafika pamenepo. Sindinamukonze. Ndinalibe mkwiyo, ndinalibe chimwemwe, ndinangomupatsa mpando.

Amati tsopano tili pa ufulu, munthu atha kunena zoona osagwidwa. Ndikudziwa. Palibe wa magalasi angandifunsenso. Koma mwana wanga, amene lero ndi mphunzitsi ku Nchalo ndipo amatsogolera kwaya, nkhope ya mayi ake saikumbuka. Chimene ali nacho ndi kuseka kuja ndi nyimbo ija, ndipo theka lake ndi bodza langa. Pepala ndikulembali ndiliika pansi pa sutikesi, adzaliwerenge ine ndi mlamu titapita.

Mwezi watha anabwera ndi ana ake. Kanemayo ali naye pafoni. Tinakhala pamthunzi masana, mlamu wanga, amene tsopano ndi waimvi, akusankha nyemba palichero. Ine ndinatembenuzira khutu logontha kufoniko, koma linalo linamvabe.

"Khalani chete, mverani agogo anu," mwana wanga anauza anawo. Nyimbo itatha anapukuta m'maso. "Baba, kuyimba kwangaku ndinatengera iwowa eti?"

Ndinayang'ana mlamu wanga. Sanadzutse mutu, dzanja lokha linaima m'nyembamo.

"Eya, mwananga," ndinatero. "Unatengera iwowa."